Ng'oma ndi besi za m'tabuleti sizikugwirizana ndi kwaya: tikonze pati?

aTembo, Kapata

Moni nonse akuluakulu. Pali nyimbo ya kwaya mu G, ma chord ake atatu chabe, G, C ndi D, ndipo ukamawomba m'manja motsatira oyimba tempo imafika 112. Ikukonzedwa mu Logic Pro, pulogalamu yopangira nyimbo ya pa iPad, ng'oma akumenya Drummer, besi akuliza Bass Player, omwe ndi oyimba a makina a m'pulogalamuyo. Mavuto alipo atatu. Ng'oma zikumveka zouma ngati za asilikali pa perete, pomwe oyimba akuyenda monyang'ama. Besi imasochera polowa kolasi, imasintha mochedwa. Kumapeto kwaya imachepetsa liwiro koma makina amangothamanga. Amene mumazidziwa izi tithandizeni, tiyambire pati?

aSakala, Chadiza

aTembo, yambani ndi loyambalo chifukwa ndilo muzu. Zimitsani kaye zida zonse, mumvere mawu okha. Pondani phazi pa kugunda kulikonse, ndiye pakamwa muziwerenga tizigawo tomwe tili mkati mwa kuponda kumodzi. Mukapeza "ta-ka, ta-ka" ndiye kuti kugunda kukugawika pawiri. Mukapeza "ta-ki-ta, ta-ki-ta" kukugawika patatu, ndipo nyimbo zambiri za makwaya athu kuno kum'mawa zili choncho. Pulojekiti yatsopano imatseguka pa 4/4, ndipo Drummer amagawa kugunda kulikonse pawiri kapena panayi. Pa tempo ya 112 kugunda kumodzi ndi ma millisecond 536. Theka lake ndi 268, pomwe gawo limodzi mwa atatu ndi 179. Ndiye oyimba akugwa pa 179 ndi pa 357, hi-hat ikugwa pa 268, pakati penipeni pomwe palibe munthu. Khutu limamva ngati anthu awiri akusinja mu mtondo umodzi koma misi ikugundana.

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba, sinthani signature, kawerengedwe ka kugunda mu bar, ikhale 12/8 musanaike region iliyonse ya Drummer, ndiko kuti kachidutswa ka kalizidwe kake pa track. Apa pali msampha womwe umagwira ambiri: Logic imawerenga tempo pa quarter note ngakhale muli mu 12/8. Kuponda kwanu kuja kwa 112 ndi quarter ya dontho, choncho muchulukitse ndi 1.5, mulembe 168. Mukalemba 112 nyimbo idzakwawa ngati ya pamaliro. Yachiwiri, khalani mu 4/4 pa 112 koma grid ndi quantize, zomwe zimaika manoti pa mizere ya nthawi, zonse muziike pa 1/8 triplet, ng'oma muzikonze nokha.

aZulu, Chipata

Bwanji osangopotoza Swing basi? Ili pomwepo pa Drummer, ndipo ikafika pamwamba hi-hat imayamba kudumphadumpha ngati momwe aSakala akunenera.

aSakala, Chadiza

Swing imathandiza theka chabe aZulu. Ntchito yake ndi kuchedwetsa noti yachiwiri pa ziwiri zilizonse. Pa 50 peresenti zili zofanana, pafupi ndi 67 peresenti yachiwiriyo imagwa pa kachigawo kachitatu. Ndiye mumapeza "ta, ta-ta, ta-ta", yaitali ndi yaifupi, koma kapakati kaja, ka "ki", kulibe. Umenewo ndi mchitidwe wa blues ndi jazz. Kwathu kuno kukoma kwambiri kumakhala pa kapakati komweko, pomwe m'manja ndi chisekese zimapingasa ng'oma yaikulu. Swing singakupatseni zimenezo ngakhale muipotoze mpaka ithyoke.

aMwale, Petauke

Ndiwonjezere pa za aSakala, kwa amene akufuna kumanga ng'omazo ndi manja. Mu Logic tsegulani track ya ng'oma, mupange Pattern region kuti mulowe mu Step Sequencer. Step Rate ikhale 1/8T, kutalika kwa pattern kukhale masitepe 12 kapena 24. Masitepe 12 ndi bar imodzi ya 4/4.

Kick ikani pa 1, 4, 7 ndi 10. Kuwomba m'manja kapena rim ikani pa 1, 3, 5, 7, 9 ndi 11. Mukaliza mumva zinayi za pansi zikukokana ndi zisanu ndi chimodzi za pamwamba, ndipo thupi limayamba lokha kugwedezeka. Ngati mukufuna kachitsulo, yesani 1, 3, 5, 6, 8, 10, 12, kapena kopepuka kake 1, 3, 5, 8, 10. Shaker ikhale pa masitepe onse 12, koma musaisiye pa mphamvu imodzi. Velocity, mphamvu ya noti, imayambira 1 kufika 127. Pa 1, 4, 7, 10 ikani cha m'ma 100, zapakati 60 mpaka 72, ndipo zisafanane ndendende. Shaker yomwe ili pa 100 paliponse imamveka ngati makina osokera zovala a pa khonde la sitolo.

Drummer musamutaye ayi. Mupatseni ntchito yochepa: zimitsani kick ndi snare pa chithunzi cha ng'oma chija mu editor, musiye ma cymbal ndi ma tom, ndipo Complexity ikhale pansi. Iye azingobwera ndi ma fill, kugubuduza kwa ng'oma kwakanthawi, polumikiza vesi ndi kolasi.

aTembo, Kapata

Zamveka bwino. Nanga besi yochedwa ija?

aNyirenda, Lundazi

Bass Player samva oyimba anu, akulu. Alibe makutu. Amawerenga Chord Track yokha, mzere uja wa pamwamba pomwe mumalemba ma chord. Akachedwa, ndiye kuti chord yalembedwa pamalo olakwika, ndipo zifukwa zake kawirikawiri ndi zinayi.

Choyamba ndi mtsogoleri wa nyimbo. M'nyimbo zathu woyambitsa amalowa bar isanayambe, kwaya n'kudzayankha pa kugunda koyamba. Munthu akaika mawu a woyambitsa pa bar 1 kugunda 1, nyimbo yonse yasuntha, ma chord onse akugwa mochedwa kapena mofulumira ndi kugunda kumodzi kapena kuwiri. Siyani ma bar awiri opanda kanthu kumayambiriro. Woyambitsa alowe kumapeto kwa bar 2, yankho la kwaya ligwe pa bar 3, chord yoyamba ikhale pomwepo.

Chachiwiri, kwaya nthawi zambiri imadumphira chord yatsopano kachigawo kamodzi bar isanakwane. Ngati mabesi a kwaya afika pa fah kachigawo ka 12 ka bar yapitayo, koma inu mwalemba C pa 1 ya bar yotsatira, besi ya makina ikhalabe pa G pamene anthu achoka kale. Chepetsani Snap kuti ikhale yaing'ono, mukokere malire a chord kumbuyo kachigawo kamodziko.

Chachitatu ndi region yomwe ili ndi ma chord akeake. Mukapanga region yatsopano n'kusankha ma chord okonzeratu, amatha kukhala mkati mwa region, osati pa Chord Track. Ndiye inu mukusintha pamwamba, besi ikutsata zina. Dinani region, mutsegule inspector, muone Pitch Source. Ikhale pa Chord Track pa ma region onse a besi ndi kiyibodi.

Chachinayi ndi chomwe chimasiyanitsa wodziwa ndi wongoyesa. Mwati ma chord ndi G, C, D. Mverani bwino mabesi a kwaya. M'nyimbo zambiri amayenda doh, fah, soh, soh, pomwe mawu a pamwamba akuyenda doh, fah, doh, soh. Ndiye chord yachitatuyo si G wamba, ndi G yokhala ndi D pansi, yolembedwa G/D. Mukalemba G chabe, makina amabwerera ku G pomwe azibambo a kumbuyo ali pa D, ndipo pansi pamachita matope. Polemba chord pali malo a bass note, ikanipo D. Chimodzimodzi pokwera kuchoka pa G kupita pa C, ngati mabesi amadutsira pa me, lembani G/B pa kugunda komaliza.

aMwale, Petauke

Pa besi pomwepo, makonzedwe oyambira omwe sasokoneza kwaya ndi awa: Complexity pansi pa theka, Melody pa root yokha kapena manoti ochepa, Fill Amount pansi kwambiri. Slides ndi dead notes zichepe. Zimakoma pa R&B, koma pansi pa anthu 30 oyimba mawu anayi zimangomveka ngati chingwe chikuvuta. Lowest Note ikhale E, yomwe ndi ma hertz 41, musailole itsike kufika B ya besi ya zingwe zisanu chifukwa masipika ambiri a m'matchalitchi sangaitulutse, amangonjenjemera.

aZulu, Chipata

Koma pa kalindula ndiye zosiyana aMwale. Pamenepo besi ndiye mwini nyimbo, imayenda osapuma. Root yokha singakwane.

aMwale, Petauke

Zoona, ndipo pamenepo Bass Player payekha sakwanitsa. Masitayilo ake ndi a pop, rock, disco, R&B ndi zina zakunja, palibe ya kwathu. Mukakweza Complexity amachulukitsa manoti, koma amawaika pomwe woliza wa ku America angawaike. Njira yake ndi iyi. Musiyeni alize ma bar 8 pa ma chord anu, kuti mupeze kamvekedwe ka Studio Bass, besi yomwe iye amaliza, ndi manoti oyenera chord iliyonse. Kenako dinani region, musankhe Convert to MIDI Region kuti isanduke manoti omwe mungasunthe nokha, mutsegule Piano Roll, pomwe manotiwo amaoneka. Grid ikhale pa triplet. Pa chord iliyonse mangani kuyenda kwa root, yachitatu, yachisanu ndi octave: pa G ndi G, B, D, G ya pamwamba, pa C ndi C, E, G. Manoti akhale aafupi, osapitirira magawo awiri mwa atatu a danga lake, kuti pakati pazikhala mpweya. Noti yomaliza ya bar iziloza chord yotsatira, mwachitsanzo B kapena D kulowera ku C. Mukakonza bar ziwiri bwino, zibwerezeni, ndiye muzisintha noti imodzi kapena ziwiri pa bar yachinayi iliyonse.

Musanasinthe kukhala MIDI, koperani track yonse n'kuitseka mawu, chifukwa region ya Session Player, dzina la oyimba a makinawa, imapanganso kalizidwe katsopano mukangogwira kachokokera kalikonse kapena kuitalikitsa, ndipo kalizidwe komwe munakakonda kaja sikabwerera kofanana. Ya MIDI imakhala pomwe mwaisiya, koma mukadzasintha chord pamwamba muyenera kuwaonanso manoti ake amodziamodzi.

amai Banda, Katete

Inu azibambo mwalongosola bwino za pansi, koma kiyibodi ndiyo imawononga makwaya kwambiri ndipo palibe waitchula. Keyboard Player akangolowa amaliza manja onse awiri. Dzanja lamanzere limagwera pa manoti omwewo a besi, lamanja limakhala pakati pa C yapakati ndi octave ya pamwamba pake, pomwe pali ma alto ndi ma soprano. Mawu a nyimbo samvekanso, munthu amangomva kuti kukuyimbidwa koma uthenga osaugwira. Pansi pa chithunzi cha kiyibodi mu editor pali zizindikiro za manja awiri. Ngati besi ilipo, zimitsani lamanzere. Lamanja likokereni pamwamba kuposa ma soprano, kapena pansi pang'ono pa ma alto, osati pakati pawo. Pa vesi sankhani Block Chords ndi Complexity yochepa. Broken Chords kapena Arpeggiated zisungireni poyambira ndi pomwe kwaya yapuma. Freely imakongola payokha koma imadzaza mipata yomwe woyambitsa amafuna kuti aponyemo mawu ake.

Ndipo chonde musawonjezere ma seventh ndi ma ninth chifukwa choti batani lilipo. Kwaya ikuyimba doh, me, soh yoyera. Piyano ikaikapo te pamwamba, ma soprano omwe ali pa doh amamveka ngati aphonya pomwe sanalakwe.

Pa EQ, chida chodula kapena kukweza mawu a pansi ndi a pamwamba, dulani piyano pansi pa ma hertz 120 mpaka 150, besi ipeze malo.

aTembo, Kapata

Zikomo amai. Latsala la kumapeto lija, pomwe kwaya imachedwetsa.

aSakala, Chadiza

Mu Logic ndi losavuta. Tsegulani global tracks, pali Tempo track. Ikani kadontho pa chiyambi cha bar yachiwiri kuchokera kumapeto pa tempo yanu, kena pa chord yomaliza chotsika ndi 15 kapena 20 peresenti, ndiye mupinde mzere wapakati kuti utsike pang'onopang'ono. Ma Session Player onse amatsata. Chenjerani ndi mawu ojambulidwa kale: ngati region ya mawu yaikidwa kuti izitsata tempo, idzakokedwa n'kumveka ngati kaseti yotafunidwa. Zimitsani zimenezo pa mawu, musunthe tempo kuti itsate anthu, osati anthu atsate tempo.

Mu GarageBand, pulogalamu ina ya Apple ya pa iPad, nyimbo yonse ili ndi tempo imodzi, pakati pa 40 ndi 240, singasinthe pakati. Kumeneko dulani ng'oma ndi besi bar imodzi kapena ziwiri nyimbo isanathe, musiye chord imodzi yaitali ya organ kapena strings, kwaya imalize yokha pa liwiro lake.

Za ma fill ndinene pano ndisanaiwale. Drummer amaponya fill yaikulu kumapeto kwa region, ndipo region yatsopano imabwera ya ma bar 8. Nyimbo zathu sizimvera 8 nthawi zonse. Vesi imatha kukhala ya ma bar 10, kapena 9 chifukwa woyambitsa amakoka mzere womaliza. Werengani ma bar a gawo lililonse, mudule region pomwe gawolo lathera. Mukapanda kutero ng'oma zigubuduka pakati pa chiganizo, oyimba n'kulowa kolasi nthawi isanakwane.

aPhiri, Mwami

Funso la ife a GarageBand, poti Logic ndi yolipira. Kodi zomwe mukunenazi zilipo kwathu?

aNyirenda, Lundazi

Zina zilipo aPhiri. Logic ya pa iPad inatuluka mu May 2023 pa mtengo wa $4.99 pamwezi kapena $49 pachaka, ndipo Bass Player, Keyboard Player ndi Chord Track zinabwera ndi version 2 mu May 2024. Imafuna iPad ya chip ya A12 kupita m'mwamba, koma oyimba atatu onse, Drummer, Bass Player ndi Keyboard Player, pamodzi amayenda bwino pa za M1 ndi zotsatira zake. GarageBand ndi yaulere, ndipo Drummer alimo kuyambira 2016. Ali ndi kabwalo komwe mumakoka kadontho, kumanzere kosavuta, kumanja kovuta, pansi mofewa, pamwamba mwamphamvu, komanso Fills ndi Swing. Pali Follow, yomwe imachititsa kick ndi snare kutsata track ina monga gitala. Ma signature ndi atatu chabe, 4/4, 3/4 ndi 6/8, ndiye nyimbo ya patatu ija mutha kuiika mu 6/8, ma bar awiri akhale ngati imodzi ya 12/8.

Besi, gitala, kiyibodi ndi strings zili ndi timizere ta ma chord 8 ndi chopotoza cha Autoplay cha manambala 1 mpaka 4. Mukagwira kamzere ndi zala ziwiri kapena zitatu kalizidwe kamasintha pang'ono. Kusiyana kwake ndi kwakuti kulibe Chord Track, ndiye ma chord mumawagwira nokha pojambula, chida chilichonse pachokha. Gwirani kamzere pang'ono kugunda kusanafike, mukagwira mochedwa chiyambi cha pattern chimadukira. Pitani ku Settings, Edit Chords, muikiretu G/D ndi G/B m'malo mwa ma chord omwe simuwafuna. Zomwe Autoplay yajambula mutha kuzitsegula n'kusuntha manoti, koma region ya Drummer mu GarageBand singasanduke MIDI. Pa ng'oma za patatu, menyani ndi zala pa Drums, kenako mu Track Settings muike Quantization pa Triplet 1/8. Pulojekiti ya GarageBand imatseguka mu Logic mukadzafuna kusamuka.

Kumbukiraninso kuti song section imayamba ili ya ma bar 8, ndipo kujambula kumaima kapena kubwerera ikakwana. Dinani kachizindikiro ka + pakona ya pamwamba, muike Automatic musanayambe kujambula kwaya.

aLungu, Nyimba

Ambiri kuno ali ndi matabuleti a Android, ndipo GarageBand ndi Logic ndi za Apple zokha. Chomwe chimayandikira ndi iReal Pro: mumalemba ma chord pa tchati, mumasankha sitayilo ndi tempo, imaliza piyano, besi ndi ng'oma. Masitayilo ake ambiri ndi jazz, latin ndi pop, koma imatulutsa MIDI, ndipo phindu lili pamenepo. Tengani MIDI ija muilowetse mu Cubasis 3, FL Studio Mobile kapena BandLab, mufufute ng'oma zake, mumange zanu pa masitepe aja aMwale atchula, besi muikonze pa Piano Roll. Vuto lalikulu pa Android ndi kuchedwa kwa mawu, komwe kumasiyana tabuleti ndi tabuleti. Yesani motere: lizani metronome pa sipika, muijambule ndi maikolofoni ya tabuleti yomweyo, mukulitse chithunzi cha mawuwo muone kuti kugunda kwagwa kutali bwanji ndi mzere wa grid. Dangalo ndilo muzisunthira kumbuyo mawu onse omwe mwajambula, kapena mulikonze pa latency mu settings ngati pulogalamu yanu ili napo.

amai Banda, Katete

Ine nkhawa yanga ili pa Sabata m'mawa, osati mu studio. Pa chopereka mzere ukatalika, kolasi imabwerezedwa mpaka womaliza aponye. Woyambitsa akaona kuti mpingo wagwira, amabwereza vesi. Nyimbo yotulutsidwa ngati fayilo imodzi ya mphindi zinayi sidziwa zimenezo, imatha anthu ali pakati pa kanjira. Komanso ana omwe akanaphunzira kumenya ng'oma akungoyang'ana tabuleti ili pa guwa. Ng'oma ya chikopa yowambidwa pamoto ili ndi mawu omwe palibe Drummer angawapeze, ndipo ikasowa womenya kwa zaka zisanu ndiye yapita.

aJere, Chipata

Amai mwanena zoona mbali zonse ziwiri, ndipo zonse zili ndi pogwira.

Za kubwereza, gwiritsani Live Loops, ilipo mu GarageBand ndi mu Logic momwe. Ndi timabokosi, mizere yopingasa ndi zida, mizere yotsika ndi magawo a nyimbo. Mzere wotsika woyamba ukhale poyambira, wachiwiri vesi, wachitatu kolasi, wachinayi mathero. Gawo lililonse limazungulira mpaka mutadina lotsatira. Chofunika ndi nthawi yoyambira, yomwe mu GarageBand ili pa Time Snap ndipo mu Logic ndi Quantize Start. Ikani pa bar imodzi. Munthu mmodzi aime pomwe akuona dzanja la woyambitsa, ndipo adine mkati mwa bar yomaliza ya gawolo, makina adikira okha mpaka kugunda koyamba. Akadina bar yatsopano itayamba kale, gawo lakale lipitirira bar ina yathunthu, choncho ayeserere ndi kwaya pa Loweruka. Bokosi la mathero lichotseni Loop kuti lilire kamodzi n'kuima.

Za ng'oma, ine ndingati m'tchalitchi tabuleti ipatsidwe besi ndi kiyibodi zokha ngati oliza palibe, ng'oma zikhale za anthu. Womenya apatsidwe hedifoni ya khutu limodzi yokhala ndi click, kugunda kosunga tempo. Pojambula ndi chimodzimodzi. Maikolofoni ya dynamic ikhale masentimita 10 mpaka 15 kuchokera pa chikopa, yolozera m'mphepete osati pakati, gain itsike mpaka kumenya kwamphamvu kuzifika cha pa -10 dB. Jambulani ma bar 16, musankhe anayi omwe ali bwino, muwazungulitse. Ndiye Drummer muuzeni atsate track imeneyo pa Follow, kuti kick yake izigwa pomwe dzanja la munthu lagwa.

Koma si nyimbo iliyonse yofuna zida. Ngoma ya Angoni yomwe timaiona ku Mtenguleni pa Nc'wala mu February imayendera mapazi, m'manja ndi mawu. Mukaiika pansi pa kick ya 4/4 ndi piyano mwaichotsa msana.

aZulu, Chipata

Click ya womenya ng'oma ija muitulutsa bwanji osamveka ku mpingo?

aJere, Chipata

Ngati muli ndi interface, kabokosi kolowetsa ndi kutulutsa mawu pa tabuleti, ya ma output anayi, mu Logic tumizani click ku 3 ndi 4, zida ku 1 ndi 2. Ngati mulibe, pangani click yanu pa track ya kachitsulo, muikokere kumanzere kotheratu pa pan, zida zonse kumanja kotheratu. Gulani chingwe cha 3.5 mm chogawika ma jack awiri. Wakumanja apite ku mikisa kudzera mu DI box, kabokosi kolumikizira chida ku mikisa, wakumanzere ku kaampu ka hedifoni. Zimitsani reverb ndi echo za pa master, chifukwa zimamwaza click mbali zonse ndipo mpingo umamva "tiki tiki" chapansipansi. Ma iPad atsopano alibe kabowo ka hedifoni, ndiye pafunika adaputa ya USB-C, makamaka yokhala ndi polowera chaja.

Bluetooth iiwaleni pa ntchito iyi. Imachedwetsa mawu kuposa ma millisecond 100, pomwe kachigawo kamodzi pa nyimbo ya aTembo ndi 179. Womenya adzakhala kumbuyo nthawi zonse ngakhale ali katswiri.

Mukamva kulira kwa "zzzz" tabuleti ikalumikizidwa ku mikisa, chotsani chaja muone. Kukasiya, vuto ndi chaja kapena jenereta. Ikani tabuleti pa power bank, kapena dinani ground lift pa DI box. Ndipo airplane mode isaiwalike, uthenga wa WhatsApp umalira m'masipika onse pakati pa pemphero.

aMwale, Petauke

Pojambula kwaya pamwamba pa zida izi, musayambe ndi kwaya yopanda chowatsogolera. Anthu akayimba okha amatsika pang'onopang'ono, pofika vesi yachitatu ali pakati pa G ndi F sharp, ndipo piyano ya makina ili pa A 440 sisuntha. Palibe chord yomwe ingagwirizane nawo pamenepo. Konzani kaye ma chord, besi ndi shaker, woyambitsa ndi wotsogolera kwaya avale mahedifoni a chingwe, ena atsate manja. Ngati mukuika sipika kuti onse amve, ikhale kumbuyo kwa maikolofoni, mawu ake otsika, ndipo muzingotulutsa piyano yokha. Ng'oma zikalowa mu maikolofoni ya kwaya simungadzazisinthenso.

Buffer, yomwe ikakula mawu amachedwa, pojambula ikhale 128. Pa 48 kHz amenewo ndi ma millisecond osakwana 3. Posakaniza kwezani kufika 512 kuti tabuleti ipume. Ikayamba kudukiza kapena kutentha, chitani Freeze pa track za Studio Piano ndi Studio Bass, ndizo zolemera, ndipo Freeze imazipepukitsa. Zida zimenezi zimakopedwa ku Sound Library, ndiye zikopeni muli pa Wi-Fi, musadikire tsiku lojambula kumudzi komwe netiweki ndi ya pa chulu.

aPhiri, Mwami

Nyimbo yopangidwa ndi oyimba a m'makinawa ingaulutsidwe pa wailesi ngati Breeze FM kapena Radio Maria popanda mlandu?

aNyirenda, Lundazi

Ingaulutsidwe. Chilolezo cha Apple chimalola kugwiritsa ma loop ndi zida za mu GarageBand ndi Logic m'nyimbo zanu, ngakhale zogulitsa, popanda kulipira kanthu kena. Choletsedwa ndi kutenga ma loop okhaokha n'kumawagawa kapena kuwagulitsa ngati anu. Nyimbo yeniyeniyo, mawu ndi chuni, ikhale yanu kapena mupemphe kwa mwini wake, ndipo olemba nyimbo amalembetsa ku ZAMCOPS, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ku Zambia. Stem Splitter ya mu Logic, yomwe imafuna iPad yamphamvu monga ya M1, imatha kulekanitsa mawu, ng'oma ndi besi pa nyimbo ya munthu wina. Ndi yabwino pophunzirira momwe besi ya kalindula imayendera, koma besi yomwe mwachotsayo ikadali ya mwini wake.

Potumiza ku wailesi tulutsani WAV. Ya 16-bit pa 44.1 kHz ndi pafupifupi 10 MB pa mphindi, ndiye nyimbo ya mphindi zinayi ndi cha m'ma 40 MB. Pa WhatsApp muitumize ngati document kuti ifike momwe ilili.

aTembo, Kapata

Ma chord asunthidwa, G/D yalowa, besi manje ikufika limodzi ndi azibambo. Koma pa foni besiyo sikumveka konse, pomwe pa mahedifoni ili bwino.

aSakala, Chadiza

Kasipika ka foni sikatulutsa mawu a pansi. G yanu ya pansi ndi ma hertz 49, D ndi 73, zonsezo foni siziona. Kukweza voliyumu ya besi sikuthandiza, kumangodzaza mita, ndipo pa sipika yaikulu nyimbo idzachita phokoso. Pa EQ ya besi kwezani ma dB 3 kapena 4 pakati pa 700 ndi 1,000 Hz, pomwe pamamveka chala chikukoka chingwe. Onjezani overdrive yochepa kwambiri, kapena ChromaGlow ya mu Logic ngati iPad yanu ikuitha, kuti pabadwe mawu a pamwamba omwe khutu limagwiritsa kuzindikira notiyo. Mu Studio Bass sankhani kalizidwe ka pick m'malo mwa chala ngati nyimbo ikulola. Zikakanikabe, kwezani Lowest Note kufika G kapena A kuti manoti ena akwere octave imodzi. Kenako tulutsani masekondi 30 a kolasi, muwamvere pa foni ndi pa kawailesi kakang'ono musanatulutse nyimbo yonse.